Ndinawauza Kuti Yakhoza

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga amene ndimagona nawo chipinda chimodzi. Galimoto ya a Folomani inalephera mayeso ku galaja, ine n'kukawauza kuti yakhoza. Patatha miyezi itatu anamwalira, galimotoyo ili pawindo pawo, ikudikira sitima ya pamadzi yopita kwathu. Mwezi uno chakwana chaka, ndipo kutchalitchi andipempha kuti ndilembe mawu owakumbukira, ati poti ine ndi amene ndinali nawo pafupi. Ndayesa kulemba zabwino zokhazokha, dzanja likukana. Ndiye ndilemba momwe zinalili.

Dzina lawo anali bambo Kachingwe, koma kuno ku Bradford dzinalo linkangooneka pa makalata. Tonse tinkati a Folomani, chifukwa kwathu anakhala zaka zambiri akuyang'anira amakaniko pa galaja ya esiteti ya tiyi ku Thyolo. Kuno ankakolopa m'nyumba yosungiramo katundu ku Wakefield. Anali aafupi, otambalala m'mapewa, a mutu wa imvi zokhazokha, ndipo m'zikhadabo mwawo munali mwakuda ngakhale tsiku la Mgonero.

Ukafika pakhomo pawo ndi galimoto sankayamba ndi iwe. Ankakweza dzanja kuti usazimitse injini, n'kupendeketsa mutu ngati mayi akumvetsera kapumidwe ka mwana wodwala. Akakhutira ndiye moni unkabwera.

"Mwadzuka bwanji, Make Tadala? Fanibeluti yanu ikulira."

"Ndadzuka bwino, adadi. Ine sindikumva kalikonse."

"Mungamve bwanji, wailesi mwakweza ngati minibasi ya ku Ndirande?"

Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la Okotobala, ankachita zimene iwo ankati kulowetsa magalimoto m'chisanu. Tinkandanda kuseri kwa holo imene timapemphereramo, maboneti ali yasa, iwo atavala ovolosi yabuluu pamwamba pa majuzi awiri. Ankayamba ndi batire, ati kuzizira kumayamba kupha batire kenako mwini wake. Matayala ankawayeza ndi kakobidi kakang'ono, kukalowetsa m'mizere. Mkombero wake ukaonekera, ankangokuyang'ana, iwe n'kudziwa kuti malipiro a mwezi umenewo apita. Kenako antifilizi, mankhwala oletsa madzi a mu injini kuuma, kenako mawayipa, magetsi, madzi otsukira galasi. Pomaliza ankatsegula buti. Mukapanda bulangete ndi tochi ankakubweza kumapeto kwa mzere ngati mwana wa sukulu wosameta. Ndalama sankalandira. Ankangofuna tiyi wa shuga masupuni anayi, ndiponso kuti uimirire pambali pawo n'kumaonerera, ati iwo sadzakhalapo mpaka kalekale.

Usiku wa maliro awo sindiufotokoza. Koma masana ake msewu wa kwawo unadzaza magalimoto mbali zonse ziwiri mpaka aneba anatuluka kudzafunsa ngati wamwalirayo anali wandale. Anthu anachokera ku Leeds, ku Wakefield, ena a ku Zambia amene sindinkawadziwa n'komwe. Panalibe galimoto imene manja awo sanaikhudzepo.

Ine ndinawadziwa chisanu changa choyamba chokhala ndi galimoto. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo, lero uku mawa uko, ndipo pa basi zinkandikanika, ndili ndi pakati pa Tadala. Ndinagula kagalimoto kotchipa. Ndiye ndinkachita zimene ndinakula ndikuona bambo anga akuchita ku Kasungu: m'mawa uliwonse kutsegula boneti, kuthiramo madzi a pampopi ndi jagi. Ndinkadziona ngati mzimayi wosamala zinthu. Loweruka lija litafika, a Folomani anatsegula kachivindikiro, ananunkhiza, n'kunditembenukira.

"Mumathiramo chani muno?"

"Madzi."

"Madzi a chani?"

"Madzi basi, adadi. Abwinobwino, akumwa."

Anthu anaseka. Iwo sanaseke. Anandiuza kuti kuno madzi amauma n'kusanduka mwala, ndipo akauma amaphulitsa injini ngati botolo loiwalika mu filiza, ndiye kukanangotsala masabata awiri ndikanadzuka ndilibe galimoto, ndilibenso ntchito. Ine ndi satifiketi yanga ya kukoleji ndinayamba kulira pamaso pa anthu. Iwo anayala katoni pa phula lozizira, anagona chagada, n'kulowa kunsi kukachotsa madziwo. Mawu awo ankachokera kunsi komweko.

"Musalire, Make mwana. Aliyense pano anachitapo zake. Awo akusekawo anathira madzi otentha a m'ketulo pa galasi, linasweka ngati dzira. Afunseni."

Kuyambira pamenepo ndinakhala mwana wawo. Tadala atabadwa, iwo ndi amene anabwera kuchipatala kudzamanga kampando ka mwana m'galimoto, kukagwedeza kanayi asanalole kuti tinyamuke.

Ankakonda kunena kuti galimoto kuno imadya ngakhale tsiku limene sinagwire ntchito. Inshulansi imadya uli m'tulo, msonkho wa pamsewu umadya uli kutchalitchi, ndipo chaka chikatha pali mayeso a MOT, amene kwathu timati COF. Ankatiuza kuti tisamafunse mtengo wogulira, tizifunsa ngati malipiro athu angainyamule mwezi umene tadwala. Ankadana ndi magalimoto a pangongole kuposa mmene ankadanira ndi mowa. N'chifukwa chake anayambana ndi a Dalitso, amene anabwera kuno kudzaphunzira n'kupeza ntchito yapamwamba ku Leeds. Tsiku limene a Dalitso anatulukira ndi galimoto yatsopano yonyezimira, a Folomani anaizungulira manja ali kumbuyo.

"Yanu iyi, achimwene?"

"Yanga, bambo."

"Mukasiya kulipira miyezi iwiri idzakhalabe yanu?"

"Nanga yanu ija njaulere?" anatero a Dalitso. "Chaka chonse ikudya inshulansi itafunda lona. Mukudziwa anthu amaitchula chani? Akazi anu aang'ono."

Tinaseka tonse, ngakhale amayi abusa, chifukwa dzinalo tinkalinena ndithu kumbali. A Folomani sanalankhule ndi a Dalitso chaka chathunthu. Koma Okotobala wotsatira galimoto yonyezimira ija inali pamzere, ndipo anaiyeza matayala, n'kulandira tiyi kuchokera m'manja mwa mwini wake.

Zoona zake a Dalitso sananame. Munthu amene ankatiphunzitsa kuopa ndalama za galimoto ndi amene ankasunga galimoto imene sankaifuna kuno. Inali ya ku Japan, yotuwa, ya mipando seveni. Kuntchito ankapita pa basi ndi sitima kuti isathe. Inkayenda Lamlungu lokha, kapena pokatenga munthu ku bwalo la ndege. Masiku ena onse inkakhala pa kabwalo ka simenti pamaso pa windo lawo, itafunda lona ngati mmene timachitira kwathu poopa fumbi ndi dzuwa. Nyumbayo anaisankha chifukwa cha kabwaloko, ngakhale inali yachinyontho.

Mapepala awo anali oti kuno akhoza kukhala, koma kwathu sangapondeko mpaka atapeza pasipoti ya kuno. Chimene anathawa sankachinena, ifenso sitinkafunsa. Kuno aliyense ali ndi nkhani yake ya mapepala. Koma za tsiku lobwerera ankanena mpaka kutopetsa. Galimoto idzakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam. Iwo adzaitsatira pa ndege, adzaiyendetsa okha mpaka ku Thyolo. Izidzanyamula anthu pakati pa Bvumbwe ndi Limbe, ndipo akazi awo, a Nachisale, amene anali asanawaone zaka zoposa khumi, adzakhala mpando wakutsogolo. Mpando umenewo sankalola munthu kudyerapo ngakhale bisiketi.

Zaka zitatu zomaliza miyendo inayamba kutupa. Adokotala anati ndi mtima. Kugona kunsi kwa galimoto kunatha. Ankakhala pampando n'kumalamula ndi chala. Kenako ntchito yokolopa inawakanika. Okotobala womaliza sanabwere n'komwe kuseri kwa holo. Anandiimbira foni kuti ndipite kwawo, ndipo anandipatsa makiyi atawakulunga m'kampango.

"Nthawi ya mayeso yakwana. Mukaiperekeze. Mabampu muziwalemekeza."

Mwini galaja anali bambo wandevu zoyera amene anakhala akuiyesa galimotoyo chaka ndi chaka. Ataikweza m'mwamba anakhala kunsi nthawi yaitali, kenako anandikodola. Ndinali ndisanaimepo kunsi kwa galimoto chibadwire. Anatenga sikuludiraiva n'kubaya chitsulo chimene chimagwira matayala akumbuyo. Inalowa ngati ikulowa m'mbatata yophika. Anabaya pena, chimodzimodzi. Zinyenyeswa za dzimbiri zinandigwera m'mutu ndi m'mapewa.

Anandifotokozera kuti ndi mchere. Nthawi yozizira amathira mchere m'misewu kuti isaterere, mcherewo umamatirira kunsi, ndipo galimoto ikangokhala pamodzi itafunda lona, chinyontho sichichoka. Injini anati ndi yabwino kuposa ya magalimoto ambiri atsopano. Koma kunsi kunatha. Kuwotcherera kukanadya ndalama zoposa mtengo wa galimoto yonse, ndipo panalibenso chitsulo chabwino chogwirapo. Anandionetsa utoto wakuda wokhuthala umene unkasendeka ngati khungwa.

"Uwu anapaka ndi mdala wanu, zaka zapitazo akadali ndi mphamvu," anatero m'Chingerezi. "Ndinamuuza chaka chatha, ndinamuuzanso chaka chinacho. Amangondiuza kuti ndimvetsere injini. Mlongo, muli ndi mwana? Musamukwezemo."

Kwathu galimoto imafa injini. Munthu wa khutu ngati a Folomani akhoza kuisunga zaka makumi atatu. Kuno imafera kunsi, mwakachetechete, injini ikuimba.

Ndinamupempha mwini galajayo kuti aikoke pa chigalimoto chake, koma akaitsitsire pa kona, pomwe windo la a Folomani silifika. Kuchokera pamenepo ndinaiyendetsa ndekha pang'onopang'ono mpaka pa simenti paja. Ndiye kuti bodza ndinali nditaliyamba kale ndisanatsegule pakamwa, ngakhale mumtima ndinkadziuza kuti ndikungofuna ndiwauze bwinobwino, titakhala pansi.

Ndinawapeza pawindo, atavala chipewa chaubweya, bulangete pamiyendo. Pa tebulo panali mafomu a pasipoti, atawasanja bwinobwino, ngakhale nthawi yotumiza inali isanakwane.

"Chatsala chaka chimodzi, Make Tadala," anatero akuwasisita. "Zayenda bwanji?"

Mawu ndinali nditawakonza njira yonse. Ndinayang'ana miyendo yawo, yotupa mpaka masokosi anachita kuwadula m'mbali.

"Yakhoza, adadi."

"Pepala lili kuti?"

"Masiku ano amangoika pa kompyuta."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja n'kutola kanthu paphewa la jekete langa. Kanali kachinyenyeswa ka dzimbiri, kokhala ndi utoto wakuda mbali imodzi. Anakafikisa pakati pa zala mpaka kanasanduka fumbi, n'kupukuta zalazo pa bulangete.

"Chabwino," anatero. "Mawa mubwere ndi antifilizi. Wofiira, osati wabuluu."

M'mawa mwake tinailowetsa m'chisanu. Ndinawatulutsira mpando pakhomo, ine n'kumachita zonse iwo akulamula. Ndinathira antifilizi, ndinasintha mawayipa, ndinapukuta mitu ya batire, ndinayeza matayala ndi kakobidi kawo. Galimoto yoti sidzapondanso msewu ndinaiikira bulangete ndi tochi m'buti. Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi ndinkadzera kudzailiza kwa mphindi khumi, iwo atatsegula windo pang'ono, mutu atapendeketsa.

"Mwaimva? Ifika ku Thyolo imeneyi osapuma."

"Ifika, adadi."

Zikanathera pamenepo bwenzi sindikulemba izi. Mu Novembala kunabwera kalata ya inshulansi. Chingerezi cha pafoni chinkawavuta, ndiye anandipempha kuti ndiimbe ine. Ndinagwira foni m'manja ndikudziwa kuti ndikangonena mawu atatu ndalama zimenezo zitsala m'thumba mwawo. Ndinaimba, ndinayankha mafunso onse, ndinawawerengera manambala a khadi lawo. Kuyambira mwezi umenewo inshulansi ndi msonkho zinkadula pa kandalama kochepa kamene boma linkawapatsa chifukwa cha matenda.

Nyumba yawo inali ya mita yogulira mayunitsi, ngati magetsi a kwathu. Chisanu chitalimba ndinayamba kuona mpweya wanga ndikamalankhula m'chipinda mwawo. Ndikafunsa za hita ankati imawatseka mphuno. Ndinawabweretsera bulangete lina ndi botolo la madzi otentha. Kawiri ndinawagulira mayunitsi mobisa, koma mwezi womwewo amuna anga anawachepetsera mashifiti, Tadala nsapato zinamuthina, yanganso galimoto inafuna matayala awiri. Amuna anga anafunsa tsiku lina tikudya kuti bwanji mdalayo osangogulitsa galimoto n'kumawotha. Ndinati sangalole, yangokhoza kumene mayeso.

Kamodzi kokha ndinayesa. Linali Lamlungu la mu Disembala, galasi la galimoto litachita ayisi, ine ndikulipala iwo akuonerera. Nditalowa ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Adadi, galimotoyi ikukudyerani ndalama zambiri. Mwina tikanaganiza zoti..."

"Make Tadala." Sanakweze mawu. "Ine ndikadzuka ndimayang'ana pawindo. Mukufuna ndiziyang'ana chani? Khoma la aneba?"

"Koma mukuzizidwa."

"Ku Thyolo kumazizira kuposa kuno. Simunafikeko mu Juni inu. Tawonjezerani shuga mu tiyiyu, mwayamba kuumira ngati azungu."

Ndinawonjezera shuga. Sindinayambitsenso.

Mu Januwale anayamba kutsokomola. Pofika tsiku limene analola kuti ndiitane ambulansi, chibayo chinali chitagwira mbali zonse ziwiri. Anakhala m'chipatala masiku atatu. Tsiku lachiwiri anandifunsa ngati ndailiza, ndinati eya, ngakhale sindinapiteko. Dokotala wachitsikana anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mtima unali wofooka kale, ndiye anafunsa ngati kunyumba kwawo kunali kofunda. Ndinangoyang'ana nsapato zake. Anamwalira masana a tsiku lachitatu, ine ndili kuntchito, ndikumwetsa phala gogo wa eni ake m'nyumba yotentha mpaka ndinachita kuvula juzi.

Thupi tinasonkherana n'kulitumiza kwawo. Titamaliza zimenezo a Dalitso anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti galimotoyo aitumiza okha ndi ndalama zawo, kuti ikafike kumene mwini wake ankafuna. Ndinadikira masabata awiri, kenako ndinawauza kuti ndaipititsa ku galaja ndipo apeza kuti chisanu chimenechi chaidya kunsi. Anakhulupirira. Mwini nyumba ankafuna malo ake, ndiye mu Malichi anabwera ogula zitsulo. Sanafunse ngati injini imalira. Kandalama kamene anapereka ndinatumiza ku Thyolo.

A Nachisale anandiimbira atalandira. Ndinali ndisanalankhulepo nawo. Anathokoza mwaulemu, anafunsa za mwana, kenako anafika pa za galimoto.

"Mwana wanga, ndiuze. Bambowo ankadziwa kuti galimoto yatha?"

Ndinati sindikudziwa, mayi. Pa zonse zimene ndinauza anthu za galimotoyi, mawu oona anali amenewo okha. Masiku ena ndimati ankadziwa kuyambira kalekale, ankangofuna munthu wina anene nawo kuti yakhoza. Masiku ena ndimati anandikhulupirira, chifukwa ndinali ndisanawanamizepo, ndipo anazizidwa chifukwa cha mawu anga.

Okotobala wapitayu kuseri kwa holo kunalibe mzere. Palibe anaitanitsa. Aliyense akupita ku galaja payekha, ena sakupita n'komwe. Yanga yayamba kaphokoso kumanzere ndikamakhota, ndazimitsa wailesi masabata atatu tsopano koma sindikudziwa chimene ndikumva.

Lachinayi lililonse ndimadutsa mumsewu wawo popita kwa gogo wina amene ndimamusamalira. M'nyumbamo munalowa anthu ena, alibe galimoto. Simenti ya kutsogolo yonse yamera ndere zobiriwira, kupatula pakati, pamene patsala malo otuwa, aatali ngati manda awiri ogundizana. M'khoma mukadali misomali inayi yopindika, imene ankamangirirapo lona lija. Pawindo anaika katani yokhuthala, ndipo sinatsegulidwepo nthawi imene ine ndimadutsa. Kapaipi ka hita kakutuluka nthunzi pambali pa chitseko, tsiku lonse.

Inu amene munawadziwa, amene anakuyezerani matayala, ndiuzeni, poti ine ndalephera. Ndikanawauza zoona tsiku lija, akanayatsa hita n'kufika chaka chawo chija? Kapena ndikanangowafulumizitsa, n'kufera m'nyumba yofunda alibe choyang'ana? Mukanakhala inu, ndi makiyi m'manja, iwo akukuyang'anani, mukanati chani? Ndinachita bwino ine?